Wodwala wa M'foni ya Mervis

Mervis, mwana wa achimwene anga a Malizani, anafika kwanga ku Khonjeni ndi chikwama chimodzi, nkhope ili ngati mbuzi yovumbwa ndi mvula. Anali atagwa mayeso aunamwino kusukulu ya kumishoni. Mayeso olemba anakhoza ndithu. Anagwa pa aja amakuimika pamaso pa wodwala kuti umufunse, aphunzitsi ali pambali ndi cholembera. Anamupatsa mwayi umodzi wobwereza. Akagwanso, basi, dengu kumsana, akathyole tiyi monga ndinachitira ine zaka makumi atatu.

"Kuthyola tiyi si imfa," ndinatero. "Taona ine. Msana wokha ndiwo unapindika, kukongola kulipobe."

Sanaseke mwanayo.

M'mawa uliwonse ankakhala pakhonde ndi foni. M'menemo muli chinthu amati AI. Ankachiuza kuti chikhale wodwala, iye n'kumachifunsa, pomaliza chimuuze pamene waphonya. Chichewa chake n'chowuma ngati cha bwana wakale wa pa esiteti, koma chimamveka.

"Mukumva bwanji, mayi?" anafunsa Mervis.

"Chifuwa chikundipweteka kuyambira Lachiwiri," chinatero chinthucho. "Ndikutsokomola, ndiponso ndaonda."

"Mwamwapo mankhwala ena?"

"Ayi, sindinamwe."

Ine ndinali kusenda chinangwa. Ndinaseka mpaka mpeni unagwa.

"Azakhali, mukundisokoneza!"

"Wodwala wakoyu ngwa kuti, iwe? Ngwa kumwamba? Akudziwa ndi tsiku lomwe! Ife wothyola tiyi akabwera kuchipatala amati, 'Ndi kamalungo chabe, ndipatseni panado ndizipita.' Akuopa kuti akapitao akamva za chifuwa, chaka chamawa dzina lake silituluka polemba ntchito. Nanga mizu ija anamwa kwa asing'anga angaiulule pamaso pa namwino wa mpingo, woti Sabata akakumana naye kutchalitchi?"

Mervis anayang'ana pansi. Kenako anandiuza zimene sanauze ngakhale abambo ake. Pa mayeso aja anamupatsa mkulu wina amene anati mutu wokha. Iye analemba mutu. Pomwe mkuluyo anali ndi bala la shuga, atalibisa m'gambuti.

"Bweretsa foniyo," ndinatero. "Chiuze chikhale ine."

"Chikhale inu? Chipsa, azakhali."

"Lemba, mwano pambuyo."

Ndinkanena, iye akulemba. Mayi wa zaka zambiri, wothyola tiyi. Akamufunsa za m'mimba amayankha za mvula. Akamufunsa zaka amati anabadwa chaka cha dzombe. Savula nsalu pamaso pa mwana wamng'ono ngati Mervis. Amanama mwaulemu.

Ndiye chinthucho, m'malo moyamba, chinafunsa. Mervis anandiwerengera: "Kodi mayiyu akubisa chifukwa cha manyazi, kapena akuopa kutaya ntchito? Ndikufuna ndimudziwe bwino."

Zaka zonse zija pamzere wa kuchipatala cha pa esiteti, palibe anandifunsapo zimenezo.

"Chiuze kuti zonse ziwiri," ndinatero. "Ndipo chili ndi ulemu kuposa iwe."

Tsiku loyamba Mervis anatuluka thukuta. Ankafunsa za chifuwa, foni n'kumuyankha kuti nthochi za ku Thyolo zinatha ndi matenda, masiku ano tikudya zogula. Pomaliza inamuuza kuti anafunsa mafunso atatu nthawi imodzi, ndiponso sanamulonjere mayiyo mokwanira. Ine ndinawomba m'manja.

Koma nacho chinapyola. Tsiku lachitatu chinayamba kuponya mwambi pa yankho lililonse.

"Chiletse," ndinatero. "Munthu wopweteka m'nthiti alibe mpweya wa miyambi."

Chinapepesa, n'kusiya. Mwamuna wanga malemu a Leonard sanapepesepo msanga chotero.

Chimene chinkamuvuta Mervis ndi kudziwa pamene matenda anayambira. Wodwala wathuyo ankangoti, "Ndili bwino, mwanawe, n'kutopa chabe." Tsiku lina Mervis anaponya foni pamphasa, misozi ili m'maso.

"Sindingathe, azakhali. Munthu osafuna kunena, ndimutsegule pakamwa ndi supuni?"

"Usamufunse za thupi. Mufunse za sikelo."

"Sikelo?"

"Wothyola angakane kuti wafooka, koma makilo ake amawadziwa ngati mayina a ana ake. Mufunse mwezi watha ankakweza angati, sabata ino wakweza angati. Akakuuza, funsa kuti anayamba kutsika liti. Matenda anayambira pomwepo."

Mervis analemba zimenezo m'foni, n'kuyesa. Mayi wa m'foniyo anati kale makumi asanu, tsopano makumi awiri, ndipo pang'onopang'ono zonse zinatuluka, mpaka mizu ija. Pomaliza chinthucho chinati funso limeneli sichinkalidziwa, amuthokozere amene wamuphunzitsa. Ine wa Sitandade 2! Ndinayenda monyang'wa mpaka kuchitsime.

Anapita ku mayeso Lachitatu. Lachisanu masana ndinamva kabaza akuima panja. Mervis anatsika, osalonjera n'komwe, anangondikumbatira mpaka mpango unagwa.

"Anandipatsa mayi wa ku Goliati, wothyola," anatero. "Akuti kachizungulire chabe. Ndinamufunsa za makilo. Anandiyang'ana, n'kuti, 'Iwe ndiwe mwana wa ndani?' Kenako analankhula osapuma. Magazi anali atamuthera, azakhali. Amugoneka."

"Nanga iwe?"

"Ndakhoza."

Ndinalulutira mpaka nkhuku zinabalalika.

"Sindinamalize," anatero. "Aphunzitsi andifunsa kumene ndinaphunzira zimenezi. Ndawaonetsa foni. Akufuna kalasi yonse iziyeserera pa wodwala wathuyu, ndipo akuti mubwere Lolemba muwapangire ena atatu. Akufuna mwamuna wa m'fakitale, ndi mayi woyembekezera."

"Wachitatu?"

"Akuti musankhe nokha."

"Ndiwapangira abambo ako," ndinatero. "Ameneyo savomera kuti akudwala, ngakhale foni ikalira misozi."