Maulaliki a m'chigafa

Amuna anga a Hector ndi mkulu wa mpingo kuno kwa Chulu, ndipo ndineneretu kuti m'nyumba mwathu simulira nyimbo ina kupatula ya kwaya. Chaka chomwe tinakwatirana anapeza kaseti yanga ya nyimbo zovina m'sutikesi, n'kukaiponya m'chimbudzi ine ndikuona. Papita zaka makumi atatu, koma ndikaikumbukira kaseti ija mtima umandiwawabe. Za mavidiyo ndiye musatchule n'komwe. Iwo amati tinyumba toonetsa mafilimu tija ndi makomo a ku gehena, ndipo anazilalikirapo zimenezi mpaka mawu kusasa.

Ndiye mwana wathu Feliya atapeza mwamuna, lamulo linagwa tsiku la chinkhoswe lomwelo.

"Ku ukwati wa mwana wanga kukalira nyimbo za kwaya basi," anatero a Hector. "Ndikangomva kuti kuli zachikunja, kaya ndi nyimbo kaya ndi za mavidiyo, ine simundionako. Akamulowetse m'tchalitchi ndi wina."

Feliya analira mpaka maso kutupa. Ndi mtsikana yekhayo pakati pa anyamata anayi, ndipo anakula akulondola bambo ake m'mizere ya fodya ngati kamwana ka nkhuku. Chimene ankafuna pa dziko lino n'choti bambo akewo adzamugwire dzanja polowa m'tchalitchi. Koma analinso ndi kanyimbo kake kamodzi ka masiku ano, kogunda pachifuwa, kamene ankalota kudzalowa nako m'holo akuvina.

Vuto lenileni silinali nyimboyo ayi. Linali mkamwini.

Chancy ndi mphunzitsi pa sukulu ina ya pulayimale ku Mtunthama, zimenezo n'zoona. Koma atamaliza kosi anakhala zaka zitatu kudikira kuti boma limulembe ntchito, ndipo pa zaka zimenezo ankamasulira mafilimu. Mukuwadziwa aja amalankhula pamwamba pa filimu, kuwauza anthu m'Chichewa zimene Amwenye kapena Matchaina akunena, n'kumathiramo zawo zoseketsa? Eya, mkamwini wanga anali mmodzi wa amenewo, dzina lake la kumeneko ati Kamlomo. Feliya anandiulula tsiku lina tikusenda mtedza, n'kundimvetserako pang'ono pa foni yake. Ndinaseka mpaka lichero kugwa, kenako mantha anandigwira.

"Iwe, nkhani imeneyi uikwirire," ndinamuuza. "Bambo ako akangoinunkhiza, udzalowa m'tchalitchi wekha ngati wamasiye."

Mwambo ndi umene unkatibisira. Kwathu kuno mkamwini salankhula chisawawa pamaso pa apongozi, mawu ake amadzera mwa ankhoswe. Tsono Chancy ankachita kuwonjeza. Akabwera ankanjuta patali kufupi ndi nkhokwe, kuomba m'manja, n'kunong'ona kuti "zikomo", mawu ake osafika n'komwe pakhonde. A Hector ankamuyamikira kwabasi.

"Nabanda, mnyamata uyu analeredwa," ankandiuza. "Chaka chathunthu akubwera pano, mawu ake sindinawamvepo."

Ine ndinkangoti, "Eya, ngofatsadi."

A Hector ndinkawaopa, komanso ndinkawanyadira, ndisaname. Nyengo yosankha fodya ankakhala okha m'chigafa tsiku lonse, foni atayedzamiritsa pa belo, mahedifoni ali kukhutu. Ankati akumvera maulaliki. Kangapo konse ndinawapititsira thobwa n'kuwapeza misozi ikutsikira m'ndevu, manja ali pa tsamba la fodya osayenda. Ndinkatula chikho mwakachetechete n'kubwerera chonyang'ama kuti ndisasokoneze Mzimu. Ndinafika powauza amayi anzanga a kumpingo kuti kwathu Mawu amachita kuwaliza abambo.

Tsiku la nkhani yanga linali Loweruka masana, m'mwezi wa Ogasiti, kutatsala masabata awiri kuti ukwati uchitike. Fodya anali atapita kale ku okushoni, ndiye komiti ya ukwati inakumana m'chigafa momwemo chifukwa cha mthunzi. Panali mchimwene wanga a Duncan, amene ndi nkhoswe ya Feliya, ndi a Stewart, nkhoswe ya kuchimuna. Chancy anali atanjuta kumapeto kwenikweni pafupi ndi mzati, monga mwa nthawi zonse. Thoko, mwana wa achemwali anga, amene ankaphunzitsa operekeza akwati masitepe, anabwera ndi sipika yake yaikulu ngati ndowa kuti tisankhe nyimbo.

Thoko ndi wolimba mtima. Anayamba dala ndi nyimbo ya Feliya ija, kuti mwina abambo akaimva afewa. Ng'oma zitangogunda kawiri katatu a Hector anakweza dzanja.

"Zimitsani."

Feliya anawerama n'kuyamba kukanda pansi ndi kamtengo. Ine sindinafune kuona nkhope ya mwana wanga, ndiye ndinatembenuka n'kuyamba kutunga thobwa mu ndowa. Kumbuyo kwanga ndinkamva akukambirana za chingwe cholumikizira foni ku sipika, koma sindinalabadire.

Mwadzidzidzi chigafa chonse chinagwedezeka.

"Khalani bwino pa benchi, abale anga, zayambika! Bamboyu ndevu zaima, akuti mwana wanga sakwatiwa ndi woimba ng'oma! Amwene, chigayo chayaka moto lero!"

Mayo ine! Chikho chinandipulumuka n'kumira mu ndowa. Anali mawu a Kamlomo, mawu a mkamwini wanga, akubangula m'chigafa cha a Hector, kumbuyo kwake kukulira tizitoliro ta Chimwenye. Ndinayang'ana Chancy: nkhope yatuwa, pakamwa pali yasa. A Stewart anavula chipewa n'kuphimba nacho kumaso. Feliya anagwira pamutu ndi manja onse awiri. Mumtima ndinati basi, zathera pano.

Ndinamulumphira Thoko. "Zimitsa! Wapenga kodi? Zonyansazi wazitenga kuti, ndipo ukuziliza pamaso pa yani?"

Thoko anazimitsa. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana foni imene inali m'manja mwake.

"Amayi aang'ono," anatero chapansipansi, "foniyi si yanga. Ndi ya abambo. Andipatsa kuti muli nyimbo za kwaya. Ine ndangodina kuti ipitirize pamene inalekera."

Ndinaiyang'ana foniyo. Inalidi ya a Hector, yosweka pakona, yomangidwa ndi kamphira kofiira.

A Duncan, amene sachedwa kulowerera za eni, anailanda n'kuyamba kupalasa ndi chala.

"Alamu, apa palembedwa kuti Ulaliki 1. Ulaliki 2. Ulaliki 3." Anapalasabe. "Aaa, koma abale! Mpaka Ulaliki 46!" Anadina umodzi n'kuona mtsikana wa Chimwenye akuvina pa mvula. Anadina wina, Matchaina akuuluka pamwamba pa madenga. "Alamu, m'busa wake ndi uti ameneyu?"

Palibe anaseka. A Hector anali atakhala chowongoka pa benchi, maso ali pa nsapato zawo, thukuta likutsika m'khosi.

Ine magazi anandithamangira kumutu. Ndinaiwala zoti pali alendo, ndinaiwala ndi zoti pali mkamwini.

"Ndiye maulaliki aja ndi amenewa? Misozi ija? Ine kuyenda chonyang'ama ndi thobwa, kuopa kusokoneza Mzimu, pamene inu mukulirira Amwenye? Ndakhala ndikuimba nyimbo zanga chamumtima zaka makumi atatu, kaseti yanga ili m'chimbudzi, inu muli phee m'chigafa muno kuonera atsikana akuvina pa mvula! Ndikawauza chiyani amayi a kumpingo?"

"Nabanda," anatero a Hector, mawu ali ochepa ngati si awo. "Zaka zinayi zapitazo ndinapita pa msika kuti andiikire nyimbo za kwaya. Woikayo anaphatikizamo filimu imodzi molakwitsa. Ndinati ndiione kaye, kuti choipacho ndikachidzudzule ndikuchidziwa."

"Ndiye munachidzudzula mpaka ka 46?"

A Hector anapukuta kumaso ndi chikhatho.

"Ndi wolankhulayu," anatero. "Kamlomoyu. Ndimasankha a iye yekha. Munthu ameneyu amandiseketsa ndekhandekha ngati wamisala, kenako amandiliza. Sindimudziwa, koma wandichezetsa m'chigafa muno kuposa munthu wina aliyense."

Ndinamva Feliya akukoka mpweya. A Stewart anasuzumira m'mphepete mwa chipewa chawo.

A Hector anaimirira pang'onopang'ono, ngati munthu amene wadwala mwezi wathunthu.

"Ndadzudzula ana a eni pa guwa, ndamuliza mwana wanga, pamene ine ndemwe ndili m'matope. Mawa nkhaniyi ikhala itafika pa Chulu ponse. Ndingaime bwanji kutsogolo kwa mpingo nditagwira dzanja la mwanayu, anthu akuloza? A Duncan, mudzamulowetse ndinu. Lizani nyimbo zimene mukufuna. Ine ku ukwatiko sindipita."

"Ababa!" Feliya anakuwa. "Nyimboyo ndaisiya! Kukalire kwaya yokhayokha, bola inu mukakhalepo!"

Koma a Hector anali atayamba kale kuyenda. Ndimawadziwa amuna anga. Akanena kuti sapita, ngakhale mutawamanga pa ngolo sapita.

Anali atafika pa khomo la chigafa pamene mawu anamveka kumbuyo kwathu, aakulu, odzaza, opanda sipika.

"Khalani bwino pa benchi, bambo. Sizinathe."

Tonse tinatembenuka. Chancy anali ataimirira. Mkamwini, chiimirire, kulankhula ndi apongozi ake maso ndi maso!

"Iwe, khala pansi!" a Stewart anamukoka buluku. "Wasokonezeka mutu?"

A Hector anaima ngati awaponya mwala pamsana. Anatembenuka, kuyang'ana sipika, kuona kuti njozimitsa, n'kuyang'ana mnyamatayo.

"Tanenanso."

"Kamlomo ndine, bambo," anatero Chancy. "Zomasulirazo ndinazisiya boma litandilemba ntchito. Ndinkanong'ona pano osati chifukwa cha ulemu wokha, ndinkaopa kuti wina angandizindikire mawu. Ngati inu muli m'matope, ine ndi amene ndinawaponda matopewo. Anthu akafuna kuloza, adzayambe kuloza ine, ndidzakhala nditaima kutsogolo komweko."

A Hector anabwerera n'kudzigwetsa pa benchi. Anamuyang'ana mkamwini wawo kuyambira kumapazi mpaka kumutu, pakamwa pali pululu. Kenako anayang'ana ine.

"Nabanda, iwe unkadziwa?"

"Ndinkadziwa. Nanga amabisa ndinu nokha?"

Nkhuku inalowa m'chigafa, kutola kanthu pansi, n'kutuluka. Ine ndinkadikira kuti aphulike, atithamangitse tonse ndi ankhoswe omwe. Koma atatsegula pakamwa, anafunsa zimene palibe ankayembekezera.

"Ija inalira poyamba ija. Ya mwini chigayo wa ndevu, wokaniza mwana wake kukwatiwa ndi woimba ng'oma. Ndiyo inali yoyamba kundiikira, ndipo anaiika yoduka. Imathera pamene mtsikana wavala zaukwati akuyang'ana kumsewu, bambo ake ali kuchigayo akuti sapita. Ndaibwereza kosawerengeka, imadukira pomwepo. Ndafunsa pa msika, akuti yathunthu inasowa." Anayang'ana Chancy. "Kodi bambo uja anapita?"

Chancy ananjutanso, koma ulendo uno pafupi, ndipo sananong'one.

"Sanapite, bambo. Anasintha maganizo mochedwa. Anatseka chigayo n'kuthamanga wapansi, nsapato zili m'manja. Anakapeza anthu akusesa pabwalo, mipando atasanjikiza kale, mwana atakwera sitima ndi mwamuna wake. Anangotola duwa limodzi pansi. Filimu imathera pomwepo."

A Hector anayang'ana dothi. Ndevu zinayamba kunjenjemera, ndipo ndinaona misozi ija ndinkaipeza ndikabwera ndi thobwa.

"Chitsiru," anatero. Anakweza maso n'kuyang'ana Feliya. "Zaka zinayi ndakhala ndikumuikira kumbuyo bambo wa chigayo uja. Chitsiru cha munthu."

Anafwenthera m'kampango, n'kutembenukira kwa Thoko.

"Ika ija ya Feliya. Uyambire poyambirira, sindinaimve bwino."

Thoko anandiyang'ana ine kaye, ngati akufunsa ngati wamva bwino. Ndinamukodola ndi mutu kuti aike msanga asanasinthe maganizo. Ng'oma zinagunda, fumbi la fodya n'kuyamba kuyoyoka kudenga. Za kaseti yanga tinakambirana titatsala awiri, ndipo nkhani imeneyo sinathebe mpaka lero.

A Hector anaimirira n'kutambasula dzanja.

"Tabwera, mama. Undionetse mmene tidzayendere, ndingakakuchititse manyazi."

Feliya anawauza kuti polowa m'tchalitchi savina, amangoyenda pang'onopang'ono. Iwo anati akudziwa, koma ayeserere basi. Anayenda naye kuchokera pa khomo la chigafa mpaka kumapeto, n'kubwerera, n'kupitanso, mapazi akuphonya ng'oma ulendo uliwonse. Nyimbo inatha, sipika inakhala chete, koma dzanja la mwanayo sanalisiye.