Mimba Yosagunda

"Amuna a ku Liwonde kuno anatha, ndatsala ndekha," anatero Che Sharifu, akugogoda kauntala ya famase ndi kiyi wa njinga yamoto. "Imvi mbuu, koma mayi ali ndi pakati. Chikuni chouma ndiye chimayaka."

Anyamata a kabaza amene ankausa pakhonde anaseka. Nkhaniyi inali itafika kale kumsika wa nsomba ndi kudepoti. Zimene zinali zisanaimve ndi ng'ona za mu Shire zokha.

Chiyamiko, wogulitsa mankhwala, sanaseke. Bambowa ankafuna mapilitsi owonjezera magazi, koma ndi omwewa amene miyezi yonseyi ankagula mankhwala a mpweya wa m'mimba, ati mkazi wawo akangolawa chakudya wakhuta. Chiyamiko anapempha kuti mayiwo, amene anatsala panja, alowe.

Che Sharifu ananyinyirika kuti kwawo wogula mankhwala ndi mwamuna, mkazi ntchito yake n'kumeza. Komabe anawaitana.

Mayi Kulusumu analowa mwapang'onopang'ono, mimba patsogolo, mikono ngati bango. Chiyamiko anawatengera kuseri kwa katani. Koma katani ndi nsalu chabe, makutu a mwamuna siitchinga.

Mayiwo anayankha motsitsa mawu. Kumwezi anasiya kalekale. Kukodza kunali pafupipafupi, m'chinena mukuwawa.

"Nanga mwanayo amagunda, amayi?"

"Iyayi, mwanangu. Ine ndabereka, mimba ndimaidziwa. Koma bambo akowa analengeza kale tauni yonse. Ndikanawavula bwanji pagulu?"

Chiyamiko anawauza kuti zizindikiro zotere nthawi zina zimakhala za khansa ya thumba la mazira, matenda obisala amene anthu amawayesa mpweya kapena kunenepa. Mwina sizinali zimenezo, koma wodziwa ndi dokotala akaunika m'mimba ndi makina, ndipo aliyense wochedwa amadzichepetsera mwayi. Mayiwo anati chaka chatha anayezetsa khomo la chiberekero ndipo anawapeza ali bwino. Chiyamiko anapukusa mutu: kuyeza kumeneko sikufika kumazira. Apite kuchipatala lero lomwe.

Katani inakokedwa mwamphamvu.

"Iwe mwana, wabereka angati kuti uziphunzitsa akuluakulu?" anatero Che Sharifu. "Kuchipatala sapita. Akamuphera mwana wanga ndi mipeni. Ngati uli ndi koyezera mimba, bweretsa tione wabodza."

Chiyamiko anawafunsa mayiwo ngati akulola. Iwo anangotambasula dzanja, n'kupita nako kuseri.

Atabwerako anakaika pakauntala. Chiyamiko anafotokoza kuti mizere iwiri ndiye mimba. Che Sharifu anakodola anyamata aja kuti adzaone okha, mawa asadzati nkhalamba inkanama. Onse anawerama, osapuma.

Mzere woyamba unatuluka. Anadikira. Che Sharifu anakanyamula, n'kukaloza kudzuwa, n'kukagwedeza ngati wotchi yakufa.

Wachiwiri sunabwere.

Anyamata anatuluka mmodzimmodzi, osayang'anana. Mayi Kulusumu anamanga chitenje chawo bwinobwino.

"Bambo, lizani njingayo tipite kuchipatala," anatero. "Mukapanda kutero, ndikwera kabaza."