Juzi ya a Lizzie

"Lachisanu supita kulikonse," anatero a Teleza, maso ali pa mulu wa zovala za malemu. "Amako tawaika dzana, kumeta sitinamete, iwe pakamwa pali Blantyre, Blantyre. Kuli chiyani ku Blantyreko?"

Callista anawafulatira amayi ake aakuluwo. Anangokhala pakhomo n'kumayang'ana minda ya esiteti. Dzuwa la Okutobala linali litaphulika, tiyi akuoneka ngati akuyandama. Chichitikireni maliro, tulo tinkamubwerera masana maso ali chipenyere, ndipo pakati pa anthu othyola tiyi ankangoona amayi ake, a Lizzie, dengu kumsana, akudutsa m'mizere osagwedeza tsamba.

Ku Blantyre kunali madokotala obwera, oti sabata ikatha azibwerera kwawo. Callista anakula ndi bere limodzi. Lakumanzere linangoyamba n'kuima pomwepo. Chaka chatha madokotalawo anamuuza kuti anabadwa choncho, palibe anamulodza, ndipo chithandizo chilipo, koma akanenepe kaye. A Lizzie ndiye anaigwira ntchitoyo ngati ganyu: mapeyala m'mawa, chiponde masana, nthochi zosawerengeka. Dzina la Callista litangotuluka pamndandanda wa madokotalawo, a Lizzie anagwa m'munda, osadzukanso. Nkhaniyi ankaidziwa anthu awiri okha, ndipo mmodzi tsopano anali kumanda.

A Teleza ankagawa zovala, zitenje uku, madiresi uko. Kenaka ananyamula juzi yakuda ndi zala ziwiri, yotha m'zigongono.

"Nanga iyi tipatse ndani? Amako analitu ndi mtima wawo. Anzawo thukuta kamukamu, iwo ali m'juzi. Anthu ananena za chifuwa chachikulu, ena mpaka matenda aja. Ndinawakalipira kuti akutichititsa manyazi, tinatha Khirisimasi osapatsana moni. Ndiwe uyu watengera, taona chimene wavalacho."

"Sankamva kuzizira, amayi."

"Nanga ankamva chiyani?"

Callista anadzuka n'kutseka chitseko. M'nyumba munada, kuwala kukungolowera m'mabowo a malata. Anavula juzi yake, kenaka bulauzi. Kansalu kopindapinda kanagwa pansi. Manyazi anamugwira ndithu, koma sanabise pachifuwa.

"Ndili Sitandade seveni anzanga anayamba kundiloza," anatero. "Ndinavala juzi, iwo n'kumandiseka kuti ndadwala. M'mawa mwake amayi anavala yawo. Anati tikakhala awiri, anthu azingoti n'zakumtundu."

Kutali kunkamveka fakitale ikung'ung'udza. A Teleza anatola kansalu kaja, n'kukatembenuza, n'kuona masokedwe a mng'ono wawo, aja othinana ngati akuopa kuti ulusi uthawa.

"Zaka zonsezi," anatero motsitsa mawu. "Ndiye ku Blantyreko n'kuchipatala? Akakuika chiyani kumeneko? Zapulasitiki?"

"Ayi, mafuta anga omwe. Akawapopa m'ntchafu ndi kachubu, awasefe, n'kuwabaya apa pang'onopang'ono. Ena amasungunuka, ena amagwira n'kukhala thupi. Mwina ndidzapitanso kachiwiri."

"Mafuta a mapeyala aja? Ine ndinkati Lizzie akukunenepetsa kuti upeze banja."

Anayamba ngati aseka, koma kuseka kunathera m'juzi yakuda ija, imene anaiika kumaso. Inkanunkhabe tsamba laliwisi ndi sopo. Analira momwe sanalirire kumanda, akutchula mng'ono wawo dzina la paubwana, limene Callista anali asanalimvepo.

Atatha anapukuta mphuno ndi chitenje.

"Chichokereni kumanda wadya iwe?"

"Chakudya sichikulowa."

"Chilowa. Ukufuna ntchito ya amako ithere m'misozi? Zakumeta ndikalankhula ndi amalume ako. Tsitsi silithawa."

"Mukawauza chiyani?"

"Kuti n'za azimayi. Akafunsanso ndikawayang'ana."

Lachisanu kunacha kopanda mtambo, kutentha kutayamba kale. Callista anayima panja ndi kachikwama kake, atavala juzi monga mwa masiku onse. Anadikira, chitseko n'kutseguka, ndipo anayesa ndi amayi ake. Anali a Teleza. Juzi yakuda inawathina m'mikono, mabatani akukana.

Anatsetsereka ndi kanjira kodutsa m'tiyi kulowera kumsewu wa minibasi, a Teleza patsogolo, thukuta likuyenderera m'khosi. Othyola tiyi anaweramuka mmodzimmodzi, manja ataima pamasamba. Mayi wina, amene ankathyola mzere woyandikana ndi a Lizzie, anaika dzanja pachipumi kuti aone bwino.

"A Teleza, kutentha konseku nanunso mwayamba juzi?"

A Teleza sanaime. Anangokoka juziyo kuti ifike m'chiuno.

"N'zakumtundu," anatero.