Chala cha Benedito

Benedito atamwalira, abale anagawana zithunzi zake zabwino. Mlongo wake Nilza anangolandira kiyi wa kachipinda kamene malemuyo ankajambuliramo ku Matema, mumzinda wa Tete. M'katimo munatsala zotaya zokhazokha: zidutswa za nsalu yojambulapo, mapepala a matumba a simenti, ndi zigamba za chitenje cha kapulana zimene ankapukutira maburashi.

Kuti aziwotche, mtima unakana. Nilza anali telala, choncho anayamba kuzidula mofanana, kuzipinda, n'kuzisoka ndi ulusi wa nsapato. Panatuluka timabuku topanda mawu, masamba ena odontha utoto, ena oyera. Kettie, mayi wa ku Mwanza amene ankabwera ku Tete kudzagulitsa zovala, anatengako kamodzi koti akapatse mwana wake.

Anabwerera nako kukachipindako masana ena, dzuwa likuswa mtengo, mumsewu mulibe ngakhale galu. Anakana kulowa.

"Achemwali, tatsegulani pakatipo."

Patsamba limene Nilza analisoka lili loyera panali chidindo cha chala chachikulu, cha utoto wobiriwira. Atachikhudza, utotowo unamumata, wauwisi. Pakati pa chidindocho panadutsa kamzere. Nilza anakadziwa: Benedito anadzicheka pamenepo ndi chitini ali mwana, kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi.

"Mwina ndi mwana wanu," anatero Nilza.

"Mwana sanakaone n'komwe. Kakhala m'chikwama changa chotseka. Landirani, ine zimenezi ayi."

Kettie atapita, Nilza anatsegula timabuku tina tija. Tambiri tinali bwinobwino. Koma kamene anamaliza dzulo lake kanali ndi chala chomwecho m'mphepete, pamene munthu amagwira akamatembenuza tsamba. M'chipindamo munamveka fungo la palafini wotsukira maburashi, pomwe botolo lake linauma kalekale.

"Mano," anaitana chapansipansi, monga ankaitanira mchimwene wakeyo m'Chipwitikizi, "ngati ndakulakwirani, nenani."

Malata okha ndi amene ankathetheka ndi kutentha.

Albertina, mayi woyandikana naye, anamulangiza kuti aitane abusa ndipo zonsezo akataye mu Zambezi. Nilza anavomera ndi mutu, koma m'mawa mwake anabwereranso kukachipinda kaja ndi singano yake.

Timabukuto sapatsanso munthu. Amatindandalika pashelefu, ndipo satsegula kawirikawiri. Akamasoka amakhala kumapeto kwenikweni kwa benchi, ngakhale kuti msana umamupweteka akakhala choncho, mbali inayo n'kuisiya yopanda kanthu.