Timiyala ta M'khutu

"Mwabwera ndi ndani, amayi?"

Nesi anafunsa maso ali pa makina oyezera magazi, ndipo asanamve yankho anali ataitana kale wina. Mayi telala anatola chikwama chawo n'kulowa kwa dokotala, dzanja limodzi lili kukhoma.

Dokotalayo anali mtsikana, wocheperapo kwa mwana wawo wamwamuna.

"Chizungulire chake chotani? Mumaona mdima ngati mukomoka, kapena zinthu zimazungulira?"

"Nyumba yonse, mwanangu. Denga, kabati, ndi makina osokera omwe."

"Chimatenga nthawi?"

"Pang'ono chabe. Ndikangotembenukira kumanja pabedi."

Kumanjako n'kumene ankagona malemu amuna awo. Pilo wawo akadali pomwepo.

Dokotala anapitiriza. Khutu limalira? Mkono umachita dzanzi? Lilime limalemera? Mayiwo ankayankha ayi, ndipo ayi aliyense ankatuluka monyinyirika. Mwana wawo anali atanena pafoni kuti: "Adokotala akati ndi nkhani yaikulu, ndibwera ndidzakutengeni tizikhala limodzi. Koma ikakhala yaing'ono, mukudziwa mmene ntchito yandipanikizira." Zovala zawo mayiwo anali atazipinda kale m'sutukesi, atazisita.

"Kwerani apa. Musatseke maso, zivute zitani."

Dokotala anawagwira mutu ndi manja awiri, anaupotolera kumanja, n'kuwagoneka chagada mofulumira. Denga linayamba ulendo wake. Mayiwo anagwira m'mphepete mwa bedi, koma chimene anachimva kwambiri chinali kufunda kwa zikhatho zija m'masaya. Chichokereni anthu a pamaliro, panalibe amene anawagwirapo.

"Eya, maso anu akuvina."

"Ndi okhawo atsala akuvina kwathu."

Dokotala anaseka. "Nkhani yabwino, amayi. M'kati mwa khutu muli timiyala ting'onoting'ono tothandiza munthu kuima osagwa. Tanuto tasochera, talowa m'kanjira kosayenera. Titibweza pompano, popanda jakisoni."

"Si sitiroko?"

"Ayi."

"Ngakhale chiyambi chake?"

"Mukuifuna kodi?"

Mayiwo anayang'ana kudenga.

Dokotala anawatembenuza mutu pang'onopang'ono, kenako thupi lonse, akudikira pena paliponse, mpaka anawadzutsa. Atawagonekanso ngati poyamba, denga linangoti duu. Manja aja anachoka m'masaya n'kupita pampopi.

"Basi, mwachira. Muwauze a kunyumba asade nkhawa. Koma masiku angapowa musagonere kumanja, timiyalato tingasocherenso."

Mayiwo anavala nsapato zawo mosafulumira. Anatulutsa foni, anayang'ana dzina la mwana wawo, n'kuibwezera m'chikwama. Anayenda mpaka pachitseko osagwira khoma. Atafika pamenepo anacheuka, koma dokotala anali akupukuta m'manja, akuitana wotsatira.

"Zikomo, mwanangu," anatero. "Koma ine ndizigonerabe kumanja."