Tsiku Limene Bambo Anaigwira Mphepo

Bambo anga anagwira ntchito ku ofesi ya zanyengo zaka makumi atatu ndi ziwiri. Atapuma pa ntchito anabwera kunyumba ndi katoni ya mabuku, wotchi ya pakhoma imene anzawo anawapatsa, ndiponso chizolowezi chouza aliyense za kumwamba. Mwezi woyamba tinkangoseka. Pofika mwezi wachitatu, amayi anali atatopa nazo.

Amayi ndi telala. Amasokera pakhonde lakuseri, pamene pali makina awo opalasa ndi mapazi, tebulo lodulirapo nsalu, ndi thumba lalikulu la zidutswa zimene salola munthu kutaya. Bambo atasowa kopita m'mawa, anayamba kukhala pa benchi ya makasitomala, nyuzipepala ili pamwendo. Tsiku lina kunabwera mtsikana kudzayesa diresi laukwati. Bambo anamufunsa tsiku la ukwatiwo, anawerenga zala, n'kupukusa mutu.

"Sabata imeneyo kumakhala chimphepo, mwanawe. Velo uimange bwino."

Mtsikanayo anachoka nkhope ili yakugwa. Madzulo ake, ine nditangofika kuchokera kuchipatala kumene ndimagwira ntchito ya unamwino, ndinapeza nkhani ili pakati.

"Mwana wa eni ake mwamuopseza chifukwa chiyani?" amayi ankafunsa, mapini ali pakamwa.

"Ndamuchenjeza. Mayi ake, palibe mphepo imene ine sindiidziwa. Ndinkailemba katatu pa tsiku."

"Kuilemba. Nanga munaigwiritsapo ntchito yanji? Ngati mumaidziwadi, muulutse kaiti tione."

Amayi ananena mongoseka, koma bambo anapinda nyuzipepala, n'kuimirira ngati munthu amene waitanidwa ndi abwana. M'mawa mwake anali kale patebulo lodulira nsalu ndi rula, pensulo ili kukhutu.

Kaitiyo anaipanga masiku atatu, ndipo masiku atatu onsewo anali a mkangano. Bambo anajambula papepala, mbali iliyonse ndi nambala yake. Amayi anangoyang'ana pepalalo kamodzi, n'kudula ndi diso. Nsalu inali yachikasu, yopepuka, yotsala pa madiresi a aperekezi. Timitengo tinali ta nsungwi, timene bambo anapala ndi mpeni wakukhitchini mpaka mpeniwo unabuntha. Mchira anaulumikiza kuchokera m'thumba la zidutswa lija: kansalu ka yunifolomu ya sukulu, kachidutswa ka katani, m'mphepete mwa suti ya munthu wina wamfupi. Ulusi wake unali wolimba, wosokera matenti, ndipo anaukulunga pa botolo lakale la mafuta ophikira.

Loweruka ndinali pa tchuthi, choncho anandisankha kukhala wonyamula chikwama pa ulendo wokaulutsa kaiti kunyanja. Tili m'basi, bambo anatiuza dongosolo lonse.

"Naini koloko mphepo iyamba kuchokera kummwera, yodekha bwino. Ikhala choncho mpaka masana. Tikangofika, mphindi zisanu kaiti ili m'mwamba."

Anavala buluku la suti, malaya oyera ndi chipewa. Amayi anawauza kuti kunyanja savala choncho, iwo anati munthu akamagwira ntchito yake amavala za ntchito.

Tinafika naini isanakwane. Gombe linali litayamba kudzaza: mabanja pansi pa maambulera, atsikana akujambulana, azibambo awiri akukankha ngolo ya ayisikilimu imene matayala ake ankatitimira mumchenga. Tinayala nsalu pamalo otakasuka. Bambo anayang'ana wotchi ya pamkono, n'kuyang'ana kummwera.

Naini inakwana. Kunali zii. Mbendera ya pa nsanja ya opulumutsa osambira inangoti lende. Bambo ananyowetsa chala ndi malovu, n'kuchikweza m'mwamba. Anachisiya momwemo nthawi yaitali, mpaka mayi wina wodutsa anawapatsa moni poganiza kuti akumuitana.

"Yachedwa pang'ono," iwo anatero.

"Mwina yaphonya basi," amayi anayankha, akusenda lalanje.

Itakwana hafu pasiti naini inabweradi, koma osati kuchokera kummwera. Inatulukira kumbuyo kwathu, kumtunda, n'kuyamba ndi chipewa cha bambo. Ndinachithamangitsa mpaka m'mphepete mwa madzi. Pobwerera ndinapeza atagwira kale botolo la ulusi.

"Gwira kaiti, mwanawe! Ukweze m'mwamba! Ndikati siya, usiye!"

Anathamanga. Ndinali ndisanawaonepo bambo anga akuthamanga, ndipo ndikukhulupirira kuti miyendo yawo nayonso inadabwa. Ndinasiya. Kaiti inakwera kufika msinkhu wa denga la nyumba, inagwedeza mutu uku ndi uku ngati ikukana, n'kugwa chamutu mumchenga. Mphepo inali itatha.

Ulendo wachiwiri inachokera kumanzere. Kaiti inakwera bwino ndithu, amayi mpaka anaimirira, koma mwadzidzidzi mphepo inatembenuka, kaiti inazungulira kawiri n'kukatera pamimba pa bambo wina wonenepa amene anagona atafunda nyuzipepala kumaso. Munthuyo anadzuka ndi mfuu, manja ali m'mwamba. Tinapepesa atatu tonse. Iye anayang'ana mchira uja, anagwira kachidutswa ka katani, n'kunena kuti kunyumba kwa apongozi ake kuli katani yotereyi. Kenaka anagonanso.

Ulendo wachitatu ulusi unakola miyendo ya kamera ya wojambula zithunzi. Anali bambo wachikulire, wowonda, wovala jekete ya matumba ambirimbiri. Sanakwiye. Anamasula ulusiwo pang'onopang'ono ngati munthu amene anazolowera.

"Achimwene, musadzivute," anawauza bambo. "Ine ndajambula pano zaka makumi awiri. Mphepo ya pano imasintha maganizo kuposa kasitomala woona chithunzi chake. Ngakhale aja a zanyengo saidziwa. Amangolota aja."

Ndinaluma mlomo. Amayi anayang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka.

"Ine ndinali wa zanyengo," bambo anatero, mawu ali pansi.

Wojambulayo anavula magalasi, n'kuwayang'anitsitsa. "Ndiye ndinu! Chaka china munalengeza kuti kuwala dzuwa tsiku lonse, ine n'kusiya ambulera. Kamera yanga yoyamba inafera pomwepo. Ndakhala ndikufuna kuonana nanu."

Anatambasula dzanja akuseka, bambo anapereka lawo, koma kuseka kwawo kunali kwa mano okha. Anabwerera pansalu paja n'kukhala pansi, thukuta lili kamukamu, bondo akulisisita. Anapatsa amayi botolo la ulusi.

"Tagwirani. Ndichotse mchenga m'nsapatomu, tizipita. Lero si tsiku lake."

Anavula nsapato n'kuyamba kuzigogoda, osayang'ana munthu. Zinandimvetsa chisoni. Kunyumba tinkawaseka momasuka chifukwa ankabweza, koma apa anangoti ndwii, msana utapindika, ngati mmene odwala amakhalira pa benchi podikira zotsatira.

Amayi anawayang'ana kanthawi, kenaka anandikodola ndi maso. Ndinatenga kaiti n'kuyenda nayo chapatali, iwo akumasula ulusi. Sanathamange. Anangoima, ulusi uli pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, mutu utapendekera ngati akumvetsera makina. Kamphepo katandikhudza m'khosi, anagwedeza mutu, ine n'kusiya.

Kaiti inanyamuka, inatsika pang'ono, amayi anakoka. Inalimba, anamasula. Inapendekera kumanja, iwo anasuntha mapazi awiri n'kukokanso. Posakhalitsa inali pamwamba pa nsanja ija, mchira ukuvina.

"Amayi! Munaphunzira kuti?" ndinakuwa.

"Ulusi ndi ulusi, mwanawe! Ukalimba kwambiri umaduka, ukalefuka umapota. Ndi zomwe ndimachita tsiku lililonse!"

Bambo anadzutsa mutu, nsapato imodzi ili m'manja. Koma mphepo inadukanso mwadzidzidzi, kaiti inayamba kutsika chammbali, amayi akukoka ulusi ndi manja awiri osakwanitsa. Apo bambo anaimirira. Sankayang'ana kaiti, ankayang'ana panyanja.

"Musakoke kwambiri, mayi ake! Ikubwera ina! Mukuona pamene madzi adera apo? Iwerengereni: wani, thuu, fili, folo... masulani!"

Amayi anamasula. Mphepo inafika ndendende, kaiti inakwera ngati yakankhidwa ndi munthu, botolo likuzungulira m'manja mwawo.

"Inayo ikuchokera kumanja, yaing'ono. Dikirani. Dikirani. Tsopano!"

Zinayenda choncho. Bambo ankawerenga makwinya a pamadzi, utsi wa pa malo ootchera nyama, ndi mmene mbalame zinkapendekera, n'kumanena mphepo isanafike. Amayi ankayankha ndi zala. Nthawi zina ankalakwitsa onse awiri n'kuyamba kulozana, koma kaiti sinagwe. Anthu anayamba kusonkhana. Bambo wonenepa uja anadzuka n'kukhala tsonga. Azibambo a ayisikilimu anasiya ngolo yawo pamene inatitimira. Wojambula anafika pambali pa bambo, n'kunena kuti, "Achimwene, za mawa musamanene, koma za pompano mumatha," ndipo ulendo uno bambo anaseka kuchokera m'mimba.

Ulusi utatsala pang'ono kutha pa botolo, kaiti inkaoneka ngati kachidutswa ka pepala. Amayi anatembenuka.

"Bambo ake, gwirani. Mikono yatopa."

Sindikudziwa ngati inalidi itatopa. Bambo anapukuta manja pa buluku n'kulandira. Ulusi unawakoka, anapita patsogolo phazi limodzi, n'kulimba.

"Ikugunda," anatero. "Ngati mtima. Mwanawe, bwera udzamve." Ndinaika chala pa ulusi, ndipo unkanjenjemeradi. "Zaka zonse zija ndinkaiona pa mapepala ndi pa makina. Sindinkadziwa kuti imalemera chonchi."

Maso awo anali atanyowa. Anati ndi mchenga. Amayi anavomera kuti eya, mchenga wa pano ndi wovuta, n'kuwakonzera kolala ya malaya.

Cha m'ma leveni mphepo inangoleka, osatsanzika. Bambo anayang'ana panyanja ponse, madzi ali see ngati tebulo. "Palibe ikubwera," anatero. "Kulungani msanga!" Tinakoka atatu, ine ndikukulunga pa botolo, koma kaiti inkatsika mofulumira kuposa manja athu. Inatera pamadzi, chapafupi ndithu, n'kuyamba kuyandama.

"Isiyeni, tiikoka ndi ulusi," amayi anatero.

"Nsungwi zithyoka!"

Tisanawagwire, bambo anali atalowa m'madzi, buluku la suti lomwelo. Madzi anafika m'mawondo, kenaka m'chiuno. Anaigwira kaiti, anaikweza pamwamba pa mutu ndi manja awiri, n'kutembenuka kuti ationetse. Anthu anawomba m'manja. Chifukwa cha phokosolo sanamve ine ndikukuwa kuti kumbuyo kukubwera funde. Silinali lalikulu, koma linawapeza ataima ndi mwendo umodzi. Anagwa chagada, n'kusowa.

Ndinathamanga, maphunziro onse a unamwino akubwera m'mutu nthawi imodzi. Ndisanafike anatulukira, akutsokomola ndi kulavula, tsitsi litamatirira pamphumi. Kaiti anali asanaisiye, ndipo panalibe kamtengo kothyoka ngakhale kamodzi. Nditaona kuti ali bwino ndinayang'ana kumtunda. Amayi anali atakhala pansi mumchenga, atagwira nthiti, misozi ikutsika, kuseka kukuwakanika kutuluka.

Tinawakhazika padzuwa, titawafunditsa nsalu yoyala ija. Ndinawagwira pamkono kuti ndimve kugunda kwa mtima, iwo anandichotsa dzanja n'kupempha ayisikilimu. Akudya, mano akugundana, wojambula uja anafika ndi chithunzi chimene anali atangochitulutsa pa kamakina ka m'chikwama chake.

"Ichi ndi mphatso," anatero. "Za kamera ija takhululukirana."

Tinaunjikana kuti tione. Pachithunzipo panali funde loyera, pamwamba pake manja awiri atagwira kaiti yachikasu, ndipo chapambali miyendo iwiri italoza kumwamba. Nkhope panalibe.

Bambo anachiyang'ana nthawi yaitali, anachitembenuza, anachiyang'ananso.

"Ameneyu si ine," anatero.

"Masokosiwo ndi anu," amayi anayankha. "Chidendene chakumanzerecho ndinasoka ndine Lachiwiri."

Bambo anayang'ana phazi lawo lakumanzere, n'kulibisa mumchenga. Kenaka anapempha wojambulayo kuti atulutse china chachikulupo, choti chikwane mu felemu.