Ndime ya Nkhunda

Mkazi wanga Rudaina anawina uphungu ku Zarqa chaka chomwe Mfumu ya dziko lathu inasankha bambo anga kukhala m'Nyumba ya Akuluakulu, yomwe imaunikanso malamulo ochokera kwa aphungu. Iye anayenda khomo ndi khomo mpaka mawu anasasa. Bambo, omwe anali woweruza milandu wopuma, anangolandira foni ali m'munda wawo wa maolivi ku Salt, n'kufunsa amayi ngati suti yakuda ija ikadawakwana. Anzanga ku famase, komwe ndimagulitsa mankhwala, ankandiseka kuti boma lonse lili m'banja mwanga, pomwe ine udindo wanga unali kuyendetsa galimoto Lachisanu popita ku Salt kukadya mansaf, mpunga wa nyama ya nkhosa.

Nkhani inayamba ndi nkhunda. Amayi a ku Zarqa anali atatopa ndi amuna oweta nkhunda pamadenga a nyumba zosanja: zovala zoyanika zinkada, mathanki a madzi ankadzaza nthenga, ndipo mluzu woitanira nkhunda unkayamba dzuwa lisanatuluke. Rudaina anawalonjeza pa kampeni kuti athana nazo. Bilu ya zaukhondo itafika m'Nyumba ya Aphungu, anaikamo ndime yoletsa kuweta mbalame padenga. Aphungu anaseka, ena n'kumalira ngati nkhunda, koma ndimeyo inadutsa.

Bilu itafika kwa akuluakulu, anachotsa ndimeyo, n'kubweza bilu kwa aphungu. Amene anatsogolera kuichotsa anali bambo.

Lachisanu limenelo amayi analamula kuti pasamveke za Nyumba ya Malamulo mpaka mpunga uthe. Mpunga unatha msanga. Bambo anafotokoza mofatsa kuti iwo alibe nazo ntchito nkhunda, koma ndimeyo inalembedwa mothamanga: mawu akuti mbalame akanakola ngakhale mayi wamasiye wosunga nkhuku ziwiri, ndiponso munthu sanapatsidwe nthawi yosamutsa ziweto zake. Rudaina anawathirira khofi ndi ulemu wonse, kenako anafunsa.

"Bambo, kodi inu anakuvoterani ndani?"

"Palibe, mwana wanga. N'chifukwa chake ndimapeza mpata wowerenga bilu mpaka kumapeto."

"Ine ndimawerenga nkhope za anthu."

"Nkhope siipita kukhoti," anatero bambo, n'kundifunsa maganizo anga. Ine ndinati nyama yapsa bwino.

Aphungu anaumirira ndime yawo, akuluakulu nawo anaumirira zawo, motero anaitanitsa msonkhano wa Nyumba zonse ziwiri pamodzi. Rudaina anali ndi chiyembekezo, pakuti aphungu ndi ochuluka kawiri kuposa akuluakulu. Vuto linali lakuti pamsonkhano wotere pamafunika magawo awiri mwa atatu a opezekapo, choncho sankayenera kutaya munthu. Sabata yonse foni inali kukhutu. Aliyense ankamuuza kuti ali naye limodzi.

Tsiku litakwana, ine ndinakakhala m'mipando ya alendo. Aphungu angapo sanaoneke. Tinamva kuti apita kukapepesa maliro, onse tsiku limodzi. Anali atakumbukira kuti oweta nkhunda nawonso amavota. Akuluakulu anabwera onse, ena ndi ndodo zawo. Bambo anaimirira n'kuyamikira phungu wolemekezeka wa ku Zarqa chifukwa cha mtima wake pa anthu, kenako anaiphwasula ndimeyo mawu ndi mawu. Wina kumbuyo anafunsa ngati Lachisanu likudzalo kudzakhale chakudya kwa bambo, Nyumba yonse n'kufa ndi kuseka. Ndime inagwa.

Rudaina anasiya kupita ku Salt. Ndinkapita ndekha n'kumubweretsera mansaf m'mbale yovundikira. Ankadya chiimire kukhitchini, akundichenjeza kuti ndisaganize kuti zimenezi zikutanthauza kanthu.

Patapita miyezi, wailesi inalengeza akuluakulu atsopano, ndipo dzina la bambo silinamveke. Panalibe chifukwa chomwe chinaperekedwa, monganso panalibe chifukwa pamene ankawasankha. Amayi anandiimbira kuti bambo akungokhala pakhonde, sakuyankhula, ndipo akana kudya. Ndisanaganize chochita, Rudaina anali atanyamula kale makiyi a galimoto.

Ndinkaopa kuti akawanyogodola, koma sanatchule n'komwe za wailesi. Anawapsompsona padzanja, n'kukhala pambali pawo, n'kuwauza kuti popeza iwo ndiwo anapha ndime yake, ndiwonso aidzutse. Ailembe m'njira yoti anzawo akale aja asapeze pogwira. Bambo anati iwo ndi munthu wamba tsopano. Rudaina anati ndiye bwino, munthu wamba ali ndi phungu, ndipo phungu akumutuma. Anayamba kukangana za mawu tisanamwe n'komwe tiyi, ndipo amayi anapezerapo mwayi wowaikira bambo chakudya patsogolo.

Ndime yatsopano inati okhala m'nyumba yosanja ndiwo azigwirizana ngati padenga pawo pakhale nkhunda, ndipo woweta apatsidwe nthawi yosamutsa. Inadutsa Nyumba zonse ziwiri popanda phokoso. Amayi a ku Zarqa anati yachepa mphamvu. Oweta nkhunda anasiya kugula mankhwala kwa ine.

Rudaina anatenga bambo kumsonkhano wa anthu ake kuti akaifotokoze okha. Anayamba bwino, ndi mawu a kukhoti, koma mayi wina wachikulire anawadula n'kuwafunsa ngati anachapapo bulangete ndi manja. Wina anafuna kudziwa za msewu, wina za mwana wake wosowa ntchito, wina anawapatsa chithunzi cha thanki lake kuti achione bwinobwino. Bambo anatuluka thukuta lili kamukamu.

Pobwerera, titatuluka m'tauni, bambo anatembenukira kumbuyo komwe kunali mpongozi wawo.

"Zimakhala chonchi nthawi zonse?"

"Ayi, bambo," anatero Rudaina akuvula nsapato. "Lero anali okondwa."